Naphini, adyo ndi tizilombo tosamva mankhwala: momwe ntchito ikuyendera

Lachiwiri, 16 Januwale

Kalata ya chilolezo yochokera ku komiti yoona za kafukufuku inafika Lachisanu, ndiye lero ndatsegula kabuku aka. Ndizilembamo zonse, zoyenda bwino ndi zophonya zomwe, kuti nthawi yolemba lipoti ikadzafika ndisadzayambe kuzidzoza mafuta.

Funso lathu ndi limodzi. Pali zomera zisanu ndi chimodzi zimene anthu amathamangira akakhala ndi chilonda, chithupsa kapena m'mimba mukamatsegula: mizu ya naphini, masamba a gwafa, masamba a nimu, masamba a chammwamba, khungwa la mvunguti, ndi adyo. Tikufuna kuona ngati madzi ake angaletse kuswana kwa mabakiteriya amene anasiya kumva mankhwala a kuchipatala.

Tizilombo tili nato ta mitundu itatu, tosungidwa mufiriji yozizira kwambiri, totengedwa m'magazi a odwala. Timachubu take tili ndi manambala okha, palibe dzina la munthu. Koyamba ndi Staphylococcus aureus, kamene kamabweretsa mafinya m'zithupsa ndi m'zilonda. Mtundu wake wokanika umatchedwa MRSA, ndipo unaoneka koyamba ku England mu 1961, patangopita zaka ziwiri mankhwala a methicillin atayamba kugwiritsidwa ntchito. Tinato ndi E. coli ndi Klebsiella pneumoniae ta mtundu wa ESBL, timene timatulutsa enzyme, puloteni yodula ceftriaxone asanagwire ntchito. Ceftriaxone ndi jekeseni uja amene zipatala zathu zimadalira munthu akabwera thupi likutentha ngati ng'anjo.

Chimene chinandikokera ku ntchitoyi ndi zotsatira za kafukufuku wa m'magazi a odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, zimene akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anasindikiza mu 2017. Anaunika zimene zinapezeka kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, Klebsiella wa ESBL anali pafupifupi 12 pa 100 alionse. Pofika 2016 anali atadutsa 90 pa 100. E. coli anachoka posakwana 1 pa 100 kufika pa 30. MRSA anachoka pafupifupi pa 8 mu 1998 kufika pa 18. Manambala a Klebsiella aja ndinawawerenga kawiri, ndimaganiza kuti maso andinamiza. Kachilomboka kamakonda kugwira makanda.

Lachitatu, 24 Januwale

Dzulo tinali cha ku Balaka, kwa agogo ena odziwa zitsamba amene mnzanga wa m'labu anakulira pafupi nawo. Naphini amakonda dothi la mchenga, ndipo kumeneko alipo wambiri, masamba ake otuwa onyezimira ngati awaza ufa.

Agogowo sanatilole kugwira khasu. Anakumba okha mbali imodzi ya mtengo, n'kudula mizu itatu yonenepa ngati chala chachikulu, kenako n'kukwirira bwinobwino ndi phazi. Pa mvunguti anasenda kakhungwa kotalika ngati dzanja, mbali imodzi basi. Ndinafunsa ngati tingawonjezere pang'ono popeza tikufuna kilogalamu yathunthu. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, ukazunguliza mtengo wauphatu. Chaka chamawa udzasenda chiyani?" Tinayenda mitengo inayi kuti khungwa likwane.

Ndinalemba mmene amakonzera mankhwala alionse. Naphini amawiritsa mizu mumphika mpaka madzi asanduke ngati tiyi wopanda mkaka, n'kumatsukira chilonda kapena kumwa pang'ono m'mimba mukavuta. Gwafa ndi nsonga zanthete zowiritsa. Izi n'zofunika, chifukwa tikangoyesa ndi mankhwala a m'labu okha tidzakhala tikuyesa chinthu chimene palibe amene amamwa.

Pochoka anafunsa funso limene ndimaliyembekezera: "Nanga mukapeza kuti akugwira, ine ndidzaona chiyani?" Ndinawafotokozera zimene zili m'chikalata chimene anadinda chala, kuti chidziwitso ndi chawo ndipo tidzabwera kudzawauza zotsatira. Ndili m'minibasi ndimakumbukira nkhani ya hoodia ku South Africa, kumene bungwe la kafukufuku la CSIR linalembetsa mankhwala ochokera m'chomera chimene anthu a mtundu wa San ankadya kuti asamve njala, ndipo mgwirizano wogawana phindu unadzasainidwa mu 2003 anthuwo atadandaula. Ife tili kutali kwambiri ndi phindu lililonse, koma funso la agogo lija ndi lomwelo.

Nthambi za chomera chilichonse tazipanikiza m'manyuzipepala pakati pa matabwa awiri. Zipita ku National Herbarium ku Zomba kuti akatsimikize mayina ake a sayansi. Naphini ayenera kukhala Terminalia sericea, mvunguti Kigelia africana, koma dzina limodzi lachichewa limatha kutanthauza mitengo iwiri malinga ndi dera.

Lachisanu, 2 Febuluwale

Chammwamba ndi nimu zachita nkhungu. Ndinayanika pa malichero m'chipinda chopanda dzuwa, monga mmene ziyenera kukhalira, koma mvula yakhala ikugwa sabata yonse ndipo mphepo sinkalowa. Ndataya zonse. Nkhungu nayo imatulutsa mankhwala ake opha mabakiteriya, penicillin anachokera komweko, ndiye tikanasinja masamba amenewa sitikanadziwa kuti wapha ndi nimu kapena nkhungu. Ndathyola ena kuseri kwa nyumba ya oyandikana nawo, ndipo ulendo uno ndikuumitsa mu uvuni wa m'labu pa madigiri 40.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Zonse zauma ndipo zasinjidwa. Mizu ya naphini inakana blender, mpeni wake unapindika, ndiye ndinabwereka mtondo ndi munsi kwa amayi ena amene amasesa pano. Anaseka mpaka misozi kundiona nditavala gauni yoyera ndikukonola ngati ndili pamudzi. Kenako analanda munsi n'kumaliza okha m'mphindi khumi.

Ufa wa chomera chilichonse tauika patatu: wina tawiritsa m'madzi monga amachitira agogo, wina tanyika mu ethanol wa 70 pa 100, wina mu acetone. Magalamu 10 a ufa m'mamililita 100, kugwedeza, kusefa ndi pepala la Whatman nambala 1, kenako kuumitsa mpaka patsale zomata zokhazokha pansi pa botolo. Za naphini ndi zofiirira ngati dothi la katondo, zowawa fungo lake lomwe. Za nimu ndi zobiriwira zakuda, zomata ngati phula.

Tikuchita katatu chonchi chifukwa chosungunulira chilichonse chimakoka zake. Tu Youyou wa ku China anavutika ndi chitsamba cha qinghao chimene chinkagwira lero mawa osagwira, mpaka anazindikira kuti kuwiritsa ndiko kumaononga mphamvu yake. Atagwiritsa ntchito ether pa moto wochepa ndi pamene panatuluka artemisinin, amene amapangira mankhwala a mu LA amene timamwa tikadwala malungo. Analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2015. Nkhaniyi ndimaikonda, koma ndimadzikumbutsanso kuti gulu lake linayesa zitsamba zambirimbiri zimene sizinapite kulikonse.

Adyo yekha sitinamuumitse. Tizimusinja tsiku lomwelo loyesa.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Tisanayese zitsamba timayenera kutsimikiza kuti tizilombo tathu ndi tosamvadi mankhwala. Tatidzutsa kuchokera mufiriji, tatisungunula m'madzi amchere mpaka kuda kwake kufanane ndi kabotolo ka 0.5 McFarland, kutanthauza tizilombo pafupifupi 150 miliyoni mumililita imodzi. Tapaka pa mbale za Mueller-Hinton, zokhala ndi chakudya cha tizilombo cholimba ngati jeli chotchedwa agar, n'kuikapo timapepala tozungulira tokhala ndi mankhwala. Iyi ndi njira ya Kirby ndi Bauer ya mu 1966. M'mawa mwake tizilombo timamera mbale yonse ngati kapinga, kupatula pamene mankhwala agwira, pamene pamatsala bwalo loyera.

Pa Staphylococcus timaona cefoxitin: bwalo likakhala la mamilimita 21 kapena kucheperapo, ndiye MRSA. Pa E. coli ndi Klebsiella timayerekeza cefotaxime yekha ndi cefotaxime wophatikiza clavulanic acid. Bwalo likakula ndi mamilimita 5 kapena kuposa, ndi ESBL. Tonse tatsimikizika. Mbale ya Klebsiella mmodzi inandizizira m'nkhongono: kapinga wamera mpaka kukhudza kapepala ka ceftriaxone, ka gentamicin, ka ciprofloxacin, ngati palibe chimene taikapo. Meropenem ndi amikacin okha ndi amene anasesa bwalo.

Ulendo woyamba unaonongeka. Magetsi anathima usiku, jenereta inachedwa kuyaka, ndipo incubator yofunditsira mbale inazizira. Mbalezi zimafuna madigiri 35 kwa maola 16 mpaka 18 osadukiza. Tinabwereza.

Lachiwiri, 5 Malichi

Lero ndinatsala pang'ono kuimbira foni aliyense. Mbale zoyamba za zitsamba zatuluka. Tinaboola timaenje ta mamilimita 6 mu agar n'kuthiramo madzi a chomera chilichonse. Adyo wasesa bwalo lalikulu pa tizilombo tonse titatu, Klebsiella wouma mutu uja ndi iye yemwe. Naphini ndi gwafa aonetsa bwalo looneka bwino pa MRSA. Ndipo nimu wa mu ethanol, amene sindinkamuyembekezera, anali ndi bwalo ponseponse.

Ndinajambula zithunzi, n'kuthamangira nazo kwa amayi amene amatiyang'anira. Sanamwetulire n'komwe. Anavala magalasi, n'kutembenuza mbale, n'kufunsa, "Achimwene, dzenje la ethanol yekha lili kuti?" Panalibe. Ndinali nditaika la madzi ndi la DMSO, chosungunulira china, koma la ethanol ndinaiwala. Anatsegula botolo la nimu n'kundinunkhitsa. Fungo la kachasu lenileni. Zomata zija sizinaume mpaka mkati, ndipo chimene chinapha tizilombo ndi mowa wotsalira. Ethanol ndi yemwe uja amakhala mu sanitizer, palibe chodabwitsa.

Safunsa anadya phula. Ndikanawaonetsa pulani ya mbale ndisanathire, bwenzi sabata ino isanapite pachabe. Zithunzi ndazifufuta m'foni kuopa kuti zingatuluke.

Lachiwiri, 12 Malichi

Nimu wouma bwino, wosungunulidwa mu DMSO wochepa, bwalo lake latha. Patsala kamzere kopyapyala pa MRSA, pa ena awiriwo palibe. Chammwamba chimodzimodzi. Mvunguti uli ndi kabwalo kakang'ono pa MRSA.

Adyo ndiye wandidyera sabata yonse, ndipo sindikudandaula. Mphamvu yake ndi yeniyeni, ndipo ndi yodziwika kale: Cavallito ndi Bailey anaipatula mu 1944 n'kuitcha allicin. Chosangalatsa n'chakuti mu adyo wathunthu mulibe allicin. Muli zinthu ziwiri zosungidwa m'zipinda zosiyana, alliin ndi enzyme yotchedwa alliinase. Ukasinja, zipindazo zimasweka, ziwirizo n'kukumana, ndipo m'kanthawi kochepa allicin wapangika. Fungo limene limatsala m'zala lija ndi chizindikiro chake.

Ndinayesa mitundu inayi pa mbale imodzi: wosinja kumene, wosinja n'kugoneka masiku atatu pa tebulo, wowiritsa ali wathunthu kenako n'kusinja, ndi wosinja kenako n'kuwiritsa mphindi makumi awiri. Woyamba bwalo lalikulu. Wachiwiri lachepa. Wachitatu palibe chilichonse, chifukwa moto wapha enzyme isanagwire ntchito. Wachinayi pafupifupi palibe. Adyo wa m'ndiwo ndi wokometsa basi.

Vuto lalikulu lili pena. Allicin amagwira tizilombo pomamatira ku sulfure wa m'mapuloteni ake, koma sasankha. Thupi lathu nalo ladzaza ndi sulfure wotero, monga wa mu glutathione, ndiye akangolowa amamezedwa. Ofufuza akhala akumufuna m'magazi a anthu amene adya adyo koma osamupeza. Kachilombo kali m'magazi a khanda sikangakumane naye. Pakhungu nayenso amawotcha, ndipo alipo anthu amene anatuluka matuza atamanga adyo pachilonda usiku wonse. Ine chala changa cha mkombaphala chasupuka chifukwa chosenda opanda magolovesi.

Komabe sindikumutaya. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham, Freya Harrison ndi Christina Lee pamodzi ndi anzawo, anakonza mankhwala a m'maso olembedwa m'buku lachingerezi la zaka pafupifupi 1,000 zapitazo: adyo, anyezi, vinyo ndi ndulu ya ng'ombe, zogonekedwa masiku asanu ndi anayi. Zinapha MRSA m'labu, ndipo zophatikizazo zinaposa chilichonse pachokha. Zoterezi zimandichititsa kuganiza kuti agogo akamasakaniza mizu itatu mumphika umodzi, mwina kupatula umodziumodzi monga tikuchitira ife ndi kumene kukutisocheretsa.

Lachinayi, 21 Malichi

Tasiya kudalira bwalo. Amayi otiyang'anira anandikhazika pansi ndi choko. Kukula kwa bwalo kumadalira mmene mankhwala akuyendera mu agar, ndipo agar ndi madzi okhaokha. Chinthu chaching'ono chosungunuka m'madzi chimathamanga n'kusesa bwalo lalikulu ngakhale chili chofooka. Chinthu cha mafutamafuta chimakhala pomwepo m'dzenje ngakhale chili champhamvu. Kuyerekeza mabwalo a zitsamba ziwiri kuli ngati kuyesa ukali wa agalu poona kutalika kwa zingwe zawo.

Tapita ku njira ya Eloff wa ku Pretoria, ya mu 1998. Ndi kambale kapulasitiki ka timaenje 96. Mudzenje loyamba mumakhala mamiligalamu 2.5 pa mililita, lotsatira theka lake, 1.25, kenako 0.63, 0.31, 0.16, mpaka pansi. Timathiramo tizilombo, kugoneka usiku, m'mawa n'kudontheza INT, mankhwala amene amafiira pamene pali tizilombo tamoyo. Dzenje lomaliza losafiira ndilo MIC, mlingo wochepetsetsa woletsa kuswana.

Zosavuta pozinena. Naphini ndi wofiirira kale, ndiye kusiyanitsa kufiira kwa INT ndi kwa mizu kumafuna kuimika kambale pawindo n'kutsinzinira diso limodzi. Taika mzere wina wa naphini wopanda tizilombo kuti tiziyerekeza. Timawerenga anthu awiri, aliyense payekha, osauzana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero mkulu wa labu atatipeza tonse titakweza timbale kumwamba ngati tikupempha mvula.

Mzere wa acetone yekha ulipo. Ndauika ndi dzanja langa, ndipo ndaulemba ndi cholembera chofiira.

Lachitatu, 3 Epulo

Tabwereza katatu, masiku osiyana, ndipo zikugwirizana.

Pa MRSA, naphini wa mu acetone akuima pa dzenje lachinayi, 0.31. Gwafa pa lachitatu. Mvunguti pa lachiwiri. Nimu ndi chammwamba dzenje loyamba lokha, nthawi zina osagwira n'komwe. Naphini wowiritsa monga amachitira agogo akugwira ndithu, kungoti akutsalira dzenje limodzi kapena awiri kumbuyo kwa wa acetone. Izi zandisangalatsa kuposa zina zonse, chifukwa ndi madzi omwewo amene amatsukira zilonda kumudzi kuja.

Pa E. coli ndi Klebsiella, timbale tafiira pafupifupi tonse. Naphini amagwira pa dzenje loyamba, akalimba lachiwiri. Enawo ayi.

Tsono 0.31 ikuoneka ngati nambala yaing'ono, koma ndi mamaikulogalamu 310 pa mililita. Vancomycin, mankhwala a kuchipatala, amaimitsa MRSA pa maikulogalamu imodzi kapena ziwiri. Naphini wathu ndi wofooka maulendo 150 mpaka 300. Ambiri amene amagwira ntchito ya zitsamba amati chinthu chiyambe kutikopa chikatsika pa 100, ndipo chopitirira 1,000 tisachitche champhamvu. Ife tili pakati, mbali yofooka. Pachilonda mungathe kuthira madzi amphamvu chotero mwachindunji. M'magazi simungafikitse mlingo umenewo popanda kupweteka munthu.

Kulephera pa Klebsiella kuli ndi chifukwa chake. Staphylococcus ali ndi khoma limodzi lochindikala koma lolowa zinthu, ngati mpanda wa udzu. E. coli ndi Klebsiella ali ndi chikopa china kunja kwa khomalo, chokhala ndi timipata topapatiza, komanso timapampu totulutsa kunja chilichonse chachilendo chimene chalowa. Klebsiella amawonjezerapo chovala choterera; ukamukhudza ndi kawaya pa mbale amatamuka ngati therere. Zambiri za m'zitsamba zimathera panja pomwepo.

Palinso china. Mizu ya naphini ndi masamba a gwafa n'zodzaza ndi tannin, chinthu chimene chimamanga m'kamwa ukaluma nthochi yosapsa. Tannin amagwira puloteni iliyonse, ya kachilombo kapena ya munthu. Tinadutsitsa madzi a naphini mu PVPP, ufa umene umakoka tannin, ndipo mphamvu yambiri inapita nawo. Tinathiranso puloteni ya m'magazi m'timaenje, MIC n'kukwera. Ndiye gawo lalikulu la zimene tikuona ndi tannin. Izi zikufotokoza chifukwa chake chilonda chotsukidwa ndi naphini chimauma pamwamba, mwinanso chifukwa chake m'mimba mumamanga. Katsalira kakang'ono ka mphamvu pambuyo pa PVPP ndi kamene ndikufuna kukatsatira.

Lachiwiri, 16 Epulo

Zithunzi za nimu zija sindinazifufute msanga mokwanira. Ndinali nditatumizira msuweni wanga chimodzi tsiku lomwe lija ndili m'chisangalalo. Loweruka azakhali anandiimbira: pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo pali uthenga wakuti madokotala a ku Blantyre apeza kuti nimu amapha tizilombo tokanika kuchipatala. Chithunzi changa chili pomwepo, chala changa chikuoneka m'mphepete. Amafunsa ngati amalume asiye makapisozi amene anawapatsa a chilonda cha pamwendo.

Ndinati, "Zakhali, chonde, amalize mankhwalawo onse. Chimene chinapha pa chithunzipo ndi mowa, si nimu." Anakhala chete, kenako n'kuti, "Ndiye amwe mowawo?" Tinaseka, koma ine thukuta linali litatuluka. Ndalemba uthenga wokonza n'kupempha kuti auike pa gulu lomwelo. Ndikudziwa kuti sufika kumene woyambawo unafika.

Pokambirana ndi azakhali zinatulukanso zina zimene ndimazidziwa kale koma sindizilemba. Bakitilimu ndi amoxicillin amagulidwa pa okala, awiri kapena anayi, malinga ndi ndalama imene munthu ali nayo. Mutu ukasiya, otsalawo amasungidwa m'kabati kudikira chifuwa cha mwana, kapena amasungunulidwa m'madzi a nkhuku chitopa chikamveka, chikhalirecho chitopa ndi vairasi imene maantibayotiki sayikhudza. Alexander Fleming anachenjeza zimenezi mu 1945 polandira mphoto ya Nobel, kuti munthu akamamwa penicillin wosakwanira adzaphunzitsa tizilombo kupirira. Kafukufuku wamkulu wosindikizidwa mu The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa Sahara ndicho chinali patsogolo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Sindiwaimba mlandu azakhali. Chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo nthawi zina ukafika pawindo amakulembera kuti ukagule. Koma uthenga ngati wanga uja umangowonjezera nkhuni.

Lachisanu, 26 Epulo

Masabata awiri apitawa tayesa kuphatikiza naphini ndi mankhwala a kuchipatala, kuona ngati angawabwezere mphamvu. Ganizoli lili ndi maziko. Mu 2000 Stermitz ndi Kim Lewis pamodzi ndi anzawo anaonetsa kuti zomera za mtundu wa Berberis zimapanga berberine, amene ndi wofooka payekha chifukwa Staphylococcus amamupopera kunja, komanso zimapanga chinthu china chotseka pampuyo. Cassandra Quave wa ku yunivesite ya Emory anapeza kuti zipatso za Brazilian peppertree sizipha MRSA, koma zimatseka njira imene tizilomboti timalankhulirana tisanatulutse poizoni. Chomera sichimenya nkhondo ndi mkondo umodzi, ndipo MIC imangoona mkondo wopha.

Tinayala kambale ngati bawo: naphini akuchepa kupita kumanja, oxacillin, mankhwala a kuchipatala amene MRSA amakana, akuchepa kupita pansi. Chiwerengero chotchedwa FIC chikafika 0.5 kapena kutsika, ndiye kuti ziwirizo zikuthandizana. Ulendo woyamba chinafika. Wachiwiri ndi wachitatu sichinafike. Ulendo uno sindinajambule chithunzi. Ndalemba kuti sizinatsimikizike, ndipo tidzabwereza timbale tatsopano tikafika, chifukwa tatsala ndi tiwiri ndipo INT watsala pansi pa botolo. Pa Klebsiella ndi ceftriaxone palibe chasintha maulendo onse atatu.

Lachitatu, 8 Meyi

Tinabwerera ku Balaka Lolemba monga tinalonjezera. Ndinanyamula shuga, sopo ndi mbale ziwiri zakale zomata bwino ndi tepi, tizilombo take tophedwa kale, kuti aone ndi maso. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, adzukulu atazungulira.

Ndinawauza mosabisa: naphini wawo akuletsa kachilombo ka mafinya, ngakhale kamene kamakana mankhwala ena a kuchipatala, koma mphamvu yake ndi yochepa ndipo ndi ya pakhungu. Gwafa akutsatira. Nimu ndi chammwamba sitinaone kanthu. Kachilombo ka m'magazi a makanda palibe chimene chakagwira kupatula adyo wa pa mbale, amene sangafike m'magazi.

Ndinkaopa kuti akhumudwa. Anatembenuza mbale ija kangapo, n'kuiika pansi. "Khanda lotentha thupi ine sindiligwira," anatero. "Ndimawauza kuti thamangani kuchipatala, musadutsenso pano. Amene amapatsa khanda mizu ndi achinyamata a pamsika aja a mabotolo." Za nimu anangoti iwo sanatiuzepo kuti ndi wa zilonda, tinabwera naye tokha pa pepala lathu. Ndinayang'ana m'kabuku, ndipo ndi zoona: nimu ndi chammwamba tinazitenga pa mndandanda wa mu ofesi.

Kenako anafunsa kuti mizu ija tinakumba mwezi wanji, ngati kuti sanali pomwepo. Ndinati Januwale. Anapukusa mutu. "Nthawi ya dzinja muzu umakhala madzi okhaokha. Ine ndinakukumbirani poti munabwera ndi galimoto. Wanga ndimakumba masamba akayoyoka." Mnzanga anandigunda ndi chigongono. Kuchuluka kwa mankhwala m'chomera kumasinthadi ndi nyengo, dothi ndi msinkhu wa mtengo, ndipo m'pulani yathu yonse mulibe mzere ndi umodzi womwe wonena za nyengo. Tsiku lokatenga zomera tinalisankha potengera tsiku limene galimoto inapezeka.

Zotsala ndi izi. Mawa ndiyamba kuyesa ngati naphini amaswa maselo ofiira a magazi pa mlingo umene ukuletsa MRSA, chifukwa ngati akuswa ndiye nkhani ya pachilonda nayo iyenera kuonedwanso. Katsalira ka pambuyo pa PVPP tikagawa pa TLC, njira yolekanitsa zosakanikirana n'kukhala timadontho, kuti tione kuti ndi kadontho kati kakugwira. Nimu ndi chammwamba tazichotsa. Ndapempha ndalama ya timbale makumi awiri, INT ndi mafuta a ulendo umodzi. Agogo ati tibwere sabata yachiwiri ya Ogasiti, m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo adzatisonyezanso muzu wachiwiri umene amaphatikiza ndi naphini pa zilonda zokhalitsa. Dzina lake akana kulitchula mpaka tidzafike.